Musagule ampu ya gitala musanaimve ikulira pakati pa bandi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kwa oimba gitala anzanga, eni mabandi ndi makomiti a m'mipingo amene akusonkha ndalama zoti agulire ampu yapamwamba ya gitala yamagetsi. Ndakhala ndikuimba lidi gitala kwa zaka zambiri, Loweruka ku zinkhoswe ndi maukwati, Lamulungu m'tchalitchi, ndipo achinyamata amandifunsa kawirikawiri ngati kuli bwino kugula ampu ya mavalavu (timachubu tagalasi tokuza mawu) kapena kachipangizo kamakono kotchedwa modeler, kamene kali ndi kompyuta m'kati mwake yotsanzira kaliridwe ka maampu osiyanasiyana.

Ampu ya mavalavu ili ndi kukoma kwake, zimenezo sinditsutsa. Fender Twin Reverb, ya mawati 85 ndi masipika awiri a mainchesi 12, imatulutsa mawu oyera moti ngakhale nsambo yaing'ono imamveka payokha. Koma kulemera kwake kumayandikira makilogalamu 30, ndipo amene anaikwezapo m'minibasi akudziwa chimene ndikunena. Mavalavu akenso amatha ngati mababu. Mafakitale owapanga anatsala ochepa, makamaka ku Slovakia, Russia ndi China, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 anasowa pamsika n'kukwera mtengo. Palinso nkhani ya magetsi. Ampu yogulidwa ku America inapangidwira mavoti 120, pamene magetsi athu ndi a mavoti 230. Ndinaona ndi maso anga mnzathu wina, amene mchimwene wake anamutumizira ampu yotere, akuilumikiza pakhoma popanda thiransifoma chifukwa cha chimwemwe. Kanangomveka kaphokoso kamodzi, kenako fungo la waya wopsa, ndipo ukwati wa tsiku limenelo tinauimba ndi ampu yobwereka.

N'chifukwa chake ambiri akutembenukira ku ma modeler monga Kemper Profiler ya ku Germany, Line 6 Helix imene inatuluka mu 2015, Axe-Fx ya kampani ya Fractal Audio, kapena Quad Cortex ya Neural DSP ya ku Finland. Ambiri mwa iwo amalowa m'chikwama chapamsana, amalandira magetsi kuyambira mavoti 100 mpaka 240, ndipo amalumikizidwa mwachindunji ku mikisa ndi waya wa XLR. Ku situdiyo n'ngothandiza zedi, chifukwa munthu amajambula usiku popanda kudzutsa anansi.

Chimene ogulitsa satchula n'chakuti modeler payokha silira. Imadalira sipika imene mwailumikizako, ndipo kumaukwati athu ambiri timapeza masipika awiri otopa amene akunyamula kiyibodi, bezi, oimba atatu ndi mkulu woyendetsa mwambo yemwe. Zikatero, chipangizo chimene mwawonongera ndalama zokwana kugula puloti chimamveka ngati wailesi yakale, ndipo woimba gitala sadzimva yekha ng'oma zikangoyamba. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, modeler imayamba yadzuka kaye ngati kompyuta, anthu ali chilili pabwalo kudikira. Ikawonongeka, mmisiri wokonza mawailesi kumsika, amene angathe kusintha valavu kapena kuwotcherera waya mu ampu wamba, amangoitsegula n'kuitsekanso, ndipo imafunika kutumizidwa kunja.

Koma mfundo yanga yaikulu ndi iyi. Zipangizo zimenezi amazitsatsa potionetsa kuchuluka kwa maampu amene zimatsanzira, ndipo ambiri mwa maampuwo, monga Marshall JCM800, anatchuka ndi nyimbo za rock, zimene zimafuna gitala yaukali ndi yokalipa. Nyimbo zimene timavina kuno, kaya sungura, rumba, manganje kapena zauzimu, zimafuna gitala yoyera, yothamanga, yoti nsambo iliyonse imveke ngakhale zala zikuyenda ngati mphezi. Mawu otere ampu ya Roland JC-120 yakhala ikuwatulutsa kuyambira mu 1975, ilibe valavu ngakhale imodzi, ndipo mpaka pano ikupangidwabe. Ine mu modeler yanga muli mitundu yambirimbiri ya kaliridwe, koma imene ndimagwiritsa ntchito ndi itatu yokha: woyera wokhala ndi chorus (yochititsa gitala imodzi kumveka ngati zingapo) pang'ono, woyera wokhala ndi delay (yobwereza mawu) wa rumba, ndi umodzi wokalipa pang'ono wa nyimbo zachikunja zimene akwati ena amapempha. Inayo ndinaiyesa sabata yoyamba, sindinabwererekonso.

Choncho amene akufuna kugula atenge gitala yake yomwe, osati ya m'sitolo, ndipo ayese chipangizocho pamodzi ndi ng'oma ndi bezi pa mphamvu imene amaimbira pagulu. Mawu amene amakoma m'mahedifoni kapena pa vidiyo ya pa YouTube nthawi zambiri amamira bandi yonse ikalowa, chifukwa amakhala ndi bezi yochuluka koma alibe mphamvu ya pakati imene imachititsa gitala kubowola phokoso la zida zinazo.

Kwa woimba woyendayenda, amene lero ali ku Zomba mawa ku Lilongwe, ine ndingasankhe modeler, koma ndalamazo azigawe patatu, kuti zina zigule modeler, zina zigule sipika yakeyake yamphamvu yosasintha mawu, zina zigule chotetezera magetsi akamakwera ndi kutsika pa jenereta. Ndi bwino kugula modeler yotsikirapo mtengo pamodzi ndi zinthu ziwirizi kusiyana ndi kugula yodula kwambiri n'kumakabwereka sipika. Koma kwa mpingo, kumene ampu imakhala malo amodzi ndipo imagwiridwa ndi anyamata osiyanasiyana sabata ndi sabata, komiti igule ampu yolimba ya mathiranzisita, yopanda mavalavu, yokhala ndi masipika ake, yoti aliyense aikonze mawu ndi timabatani towerengeka, ndipo ndalama yotsalayo igule nsambo zatsopano ndi mawaya abwino.

Ine wanu,
Woimba gitala,
Zomba