Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi ku Zomba

A wapampando, ahedi ndi aphunzitsi anzanga a m'klasita yathu,

Ndabwerako ku Zomba kumene munandituma, ndipo malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kale ndi msungichuma wathu. Aliyense amene akufuna kudziwa mmene alawansi inayendera akhoza kukawaona. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi m'nkhani ya kachongedwe ka mayeso, zomwe tonse tikuzidziwa. Chimene ndinapindula nacho kwambiri ndi phunziro la mbiri ya Chingerezi, limene anapereka mayi wina wophunzitsa kuyunivesite.

Mayiwa anati Chingerezi nachonso chinachita kubwera ku Britain. Anabwera nacho ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark, cha m'ma 450. Anatiwerengera ndime ya Chingerezi chakalekale, ndipo holo yonse, ndi a madigiri omwe, palibe amene anatolapo kanthu. Kenako kunabwera ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera ku Denmark ndi ku Norway, amene anathira nkhondo nyumba ya amonke ku Lindisfarne mu 793, pambuyo pake n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Mawu ngati "they", "egg" ndi "sky" anasiya ndi iwowa.

Koma pamene ndinatchera khutu kwambiri ndi pa 1066, chaka chimene William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa mfumu Harold ya ku England ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300, kunyumba yachifumu ndi kukhoti kunkamveka Chifalansa, kutchalitchi Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala cha alimi ndi antchito. N'chifukwa chake ng'ombe ikakhala m'khola ndi "cow", dzina limene woweta ankaitchula, koma ikafika m'mbale ya bwana ndi "beef", lochokera ku Chifalansa. Mu 1362 ndi pamene anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, poti anthu wamba sankamva zimene zinkanenedwa pa mlandu wawo womwe. Anzanga, chiyankhulo chimene ana athu amachiopa chonchi chinakhalapo chonyozeka kwawo komwe.

Za masipelo anafotokoza motere: William Caxton anatsegula makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe n'kuyamba kukhazikika, pamene katchulidwe kanali kakusinthabe mpaka cha m'ma 1700. Kale "k" wa mu "knee" ndi "knight" ankatchulidwa ndithu. Choncho mwana wa Fomu 1 akamutchula, akungotsata zimene Chichewa chinamuphunzitsa, zoti chilembo chilichonse chimamveka. Timufotokozere chifukwa chake m'malo momuseka. Ndikukhulupirira kuti mwana amene wamva mbiriyi saiwalanso kulemba "k" ameneyu.

Pomaliza msonkhano unagwirizana kuti sukulu zilimbikitse kuyankhula Chingerezi ndi kudzutsa makalabu a mtsutso. Ndinakweza dzanja kuvomereza. Koma ena atafuna kuwonjezerapo zoti woyankhula chiyankhulo cha kwawo azilangidwa, ndinakana, ndipo mfundoyo inasiyidwa kuti klasita iliyonse ikaone yokha. Ndiye nkhaniyi yabwerera kwa ife.

Maganizo anga simukuwamva koyamba. Kakhadi kamene timaveka mwana m'khosi akayankhula Chichewa kathe. Temu yatha ndinapeza mtsikana akutchetcha udzu pa chifukwa chimenechi, anzake ali m'kalasi, ndipo phunziro limene linkamudutsalo linali la Chingerezi lomwelo. Ndikudziwa zimene ena a inu mundiyankhe, kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna mwanayo akhale m'kalasi. Ana amene timawaopseza ndi kakhadi sayamba kuyankhula Chingerezi ayi, amangoti zii tsiku lonse, ngakhale funso safunsa.

Ndipo tingamulange bwanji mwana pamene sitimupatsa choti awerenge? Madikishonale amene klasita inagula chaka chatha adakali m'katoni mu ofesi ya pasukulu ina, ati poopa kuti ana angang'ambe. Ndinaifunsa nkhaniyi pamsonkhano wathu wapita, ndinalonjezedwa yankho, mpaka lero silinabwere. Ife a kusukulu zakutali tinasonkha nawo ndalamazo, koma ana athu sanagwirepo ngakhale limodzi.

Gawo la kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta linali la sukulu zomwe zili ndi magetsi, ndipo sindinalembepo zambiri.

Ndikupempha a wapampando kuti nkhani ya kakhadi ndi ya madikishonale ziikidwe pamndandanda wa zokambirana za mwezi wamawa, ndipo tidzaponye voti. Manotsi a mayi aja ndili nawo. Komiti ikapereka ya fotokope, sukulu iliyonse ilandira ake tsikulo lisanafike.