Zigawo zina zitengere lamulo la California pa PrEP ndi PEP

Akonzi,

Mu 2019, chigawo cha California ku America chinakhazikitsa lamulo la SB 159, lolola akatswiri a m'mafamase kupereka PrEP (mankhwala oteteza ku HIV omwe munthu amamwa asanakumane ndi kachilombo) ndi PEP (omwe amamwa atakhala kale pa chiopsezo chokatenga) popanda kalata ya dokotala. Ine ndikuti zigawo zina zichite chimodzimodzi, makamaka pa PEP. Mankhwalawa amayenera kuyambika asanathe maola 72 munthu atakhala pa chiopsezo cha HIV, n'kumwedwa masiku 28 osadumphitsa. Kondomu ikang'ambika Lachisanu usiku, kudikira dokotala Lolemba n'kusewera ndi moyo, chonsecho famase ili pakona pomwepo.

Pa PrEP malamulo ndi okhwimirapo. Munthu aonetse zotsatira za magazi zosapitirira masiku 7 zoti alibe kachilombo, komanso asakhale ndi zizindikiro za kachilombo kongolowa kumene, chifukwa PrEP yokha kwa amene ali nako kale ingachititse kachilomboko kusamva mankhwala. Poyamba ankapatsidwa mankhwala a masiku 60 okha.

Chinavuta chinali ndalama. Inshuwalansi inkalipira botolo la mapilisi, koma osati nthawi yomwe wa kufamase wathera pofunsa ndi kulangiza munthu, choncho mafamase ambiri sanalowe nawo. Mu 2024 lamulo la SB 339 linakweza malire kufika masiku 90, n'kulamula kuti ntchitoyo izilipiridwa.

Wowerenga wanu,
Wa zamankhwala