Dandaulo langa pa nkhani ya fyuluta ya utsi ya pikapu yanga

Kwa Bwana Manijala,

Bwana, ndaganiza zolemba kalata chifukwa foni ndatopa nayo. Ndikaimba amati abwana ali mu miting'i tikuimbirani, ndipo kupatula kamodzi kokha, palibe olo munthu mmodzi amene anandiimbirapo. Nambala ya galimoto ndi majobu khadi onse muli nawo mu kompyuta mwanumo ndiye sinditaya nthawi kubwereza. Ine ndi uja wa ku Ngabu amene fyuluta ya utsi ya pikapu yake, ija mumati DPF, yakhala ikutsekeka chichokereni ku sevisi kwanuko.

Galimotoyi isanapite ku sevisi inalibe vuto lililonse. Itangobwerako nyali inayamba kuyaka pa dashibodi, kenako tsiku lina ndili ndi katundu wa anthu nditangodutsa pa Thabwa kuyamba kukwera mapiri aja opita kwanuko ku Blantyre mphamvu zinangothera pomwepo, olo kuponda bwanji siyimapitirira, kumbuyo kuli malole a shuga ochokera ku Nchalo akuliza mahutala pamakona oti sungapatuke. Amene amaudziwa mseu umenewu akudziwa kuti pamenepa si pamalo pofera galimoto.

Nditafika kwanuko anyamata anu anailumikiza ku kompyuta, kuilirimitsa injini panja kuti mwaye upse, kuzimitsa nyali ija, basi ndilipire. Akuti vuto ndi ine, ndimayenda timaulendo tifupitifupi ndiye fyuluta siyipeza mpata wodziyeretsa. Zimenezi ine ndimazidziwa kale, zili m'buku la galimoto. Fyuluta imeneyi imagwira mwaye ndipo kuti mwayewo upse pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, galimoto iyende mosaimaima kwa mphindi ngati 20 pa liwiro loposa 60. Nanga ine ndimayenda kuti? Ntchito yanga ndi ya pa M1, Ngabu, Bangula, Nsanje, kubwerera mpaka Nchalo ndi Dyeratu, mseu wa tala wopanda chitunda. Ine si wa mu tauni wongochoka ku Namiwawa kupita ku ofesi n'kuima pa mzere wa magalimoto. Ndinawafotokozera zonsezi koma palibe anamva, anangoti mukaithamangitse madala ikhala bwino. Sindinafike n'komwe pa Kamuzu Bridge nyali inayakanso.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi ulendo wotsatira. Ndinadzuka m'bandakucha, kukwera mapiri aja pang'onopang'ono ndi galimoto yopanda mphamvu, kufika kwanu geti isanatsegulidwe, kukhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka popanda wondilankhula. Nditapita pa kauntala kufunsa kuti kodi galimoto yanga mwaiyamba, bambo amene amalandira magalimoto uja sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Anati, "Inu a kuchigwa mumathira dizilo wa m'zigubu ndiye mukufuna ife titani? Galimoto ngati izi si zakumudzi, mukanangogula ngolo ya ng'ombe." Ananena izi pamaso pa makasitomala ena ndipo mnzake pambali anaseka. Nditati achimwene lankhulani bwino, malisiti a pa filing'i siteshoni ndili nawo m'galimotomo, anayankha kuti "iwe ndiye makaniko kapena ine?" Bwana, ine ndi munthu wamkulu, ndili ndi zidzukulu. Mwana woti ndingamubereke kunditchula iwe pagulu chifukwa choti ndafunsa za galimoto yomwe ndinagula ndi ndalama zanga kwa inu nomwe! Tsiku logula munandipatsa mpando ndi madzi ozizira, simunafunse kuti kwanu n'kuti. Ndalama ya ku Chikwawa inali yabwino tsiku limenelo, lero ndiye tasanduka anthu a ngolo? Ngakhale nthawi ija dizilo amasowa dziko lonse ine ndimagona pa mzere pa siteshoni, wa m'zigubu sindinathirepo chifukwa ndimadziwa zomwe amachita ku mainjekita, tizipangizo tija topopera dizilo mu injini.

Kenako munandiimbira nokha, kamodzi kokhako, kuti bwerani fyuluta yatsopano yafika. Ndinasiya ntchito, kuthira mafuta, kukweranso. Kufika akuti pepani sinafike, nkhani ya foreksi, ndipo ikafika ndilipira ndekha chifukwa waranti siyikhudza vuto lobwera ndi kayendetsedwe. Munthu kulephera kutumiza olo meseji kuti musanyamuke? Mafuta opita ku Blantyre ndi kubwerera, chakudya, ogwira ntchito amene ndimawalipira tsiku limenelo atangokhala, makasitomala anga amene anapereka katundu wawo kwa ena, zonsezi zikutuluka m'thumba mwanga.

Nditatopa ndinapita kwa makaniko wina ku Nchalo amene amakonza mathirakitala ndi malole. Sanamasule kanthu, ndinamuletsa dala kuti musadzapeze chonamizira pa waranti. Anangolowa pansi ndi tochi, n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Kapaipi kamodzi mwa tiwiri topita ku sensa imene imayeza mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa fyuluta n'kong'ambika. Ndiye kompyuta ya galimoto ikulandira zabodza, siyikudziwa kuti mwaye wadzaza bwanji ndipo siyiotcha pa nthawi yake. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo wadutsa pa mzere wapamwamba ndipo akununkha dizilo, kusonyeza kuti dizilo amene injini imathira kuti itenthetse fyuluta akutsikira mu oyilo. Oyilo wosungunuka chonchi, ndi kutentha kwa kuno kumene mu Okutobala kumadutsa madigiri 40, injini ikhalitsa? Ndipo ataona lisiti ya sevisi yanu anandionetsa kuti oyilo amene munalemba kuti mwathira si uja wa phulusa lochepa amene buku limanena pa galimoto za DPF. Mwaye umapsa koma phulusa la oyilo silipsa, limangounjikana mu fyuluta mpaka itatsukidwa kapena kusinthidwa. Zonsezi munthu wazipeza ndi tochi ndi maso. Inu muli ndi makompyuta ndi anthu ophunzitsidwa, galimoto imagona kwanu tsiku lonse, palibe anawerama kuyang'ana pansi, chifukwa munali mutagamula kale kuti wolakwa ndi munthu wa kuchigwa.

Alipo ondiuza kuti ingochotsani fyulutayo muboole, kompyuta tiisintha. Ndakana. Ndinagula galimoto yathunthu ndipo sindikufuna kumafukiza utsi wakuda pa msika pomwe pali ana ndi amayi ogulitsa zakudya.

Chimene ndikufuna n'chakuti galimotoyi mudzaitenge nokha kuno ku Ngabu, ine sindikweranso nayo mapiri aja ili chonchi. Musinthe kapaipi kaja ndi kuyeza sensa, mukhetse oyilo muthire woyenera, fyuluta muitsuke kapena muike ina pa waranti, muyezenso mainjekita ndi EGR, kachipangizo kaja kobwezera utsi wina mu injini, ndipo zotsatira zake mundipatse zolembedwa pa pepala, osati pakamwa. Ndalama imene ndinalipira pootcha mwaye mundibwezere chifukwa simunakonze kanthu. Bambo wa pa kauntala uja andipepese, ndipo ndikufuna kumva kwa inu bwana kuti mwachitapo chiyani.

Mvula ili pafupi ndipo ikayamba kuno galimoto yopanda mphamvu ilibe ntchito, ndiye ndikudikira yankho mwezi uno usanathe. Mukapanda kuyankha nditenga malisiti onse, zithunzi za kapaipi kaja ndi kalata ino kupita nazo ku bungwe loteteza ogula la CFTC. Anzanga a bizinesi ya ng'ombe ndi thonje amene amandifunsa kuti galimoto ndinagula kuti ndiwauza zonse mmene zayendera, ndipo galimoto yachiwiri imene ndimafuna kugula chaka chamawa ndikagula kwina.

Ndine kasitomala wanu,
wa ku Ngabu, Chikwawa