Chilengezo kwa aphunzitsi a chemistry m'gulu lathu

Aphunzitsi anzanga, Loweruka likudzali tikumana mu labotale yomwe timakumanira nthawi zonse, kuyambira 8 koloko m'mawa. Tidzayeserera ma practical a bonding (mmene ma atomu amagwiranirana) ndi ma halogen (gulu la chlorine, bromine ndi iodine), chifukwa ana ambiri amafika pa MSCE atangoloweza mitu imeneyi osaiona ndi maso.

Pa bonding tidzagwiritsa ntchito zomwe sukulu iliyonse ingapeze: mabatire, kababu ka tochi, mawaya ndi timitengo ta kaboni tochotsa m'mabatire akutha. Madzi a mchere amayatsa babu, a shuga ayi, ndipo mchere wouma nawonso suyatsa. Apa mpamene mwana amamvetsa kuti ma ion (tizidutswa tonyamula magetsi) amayenera kuyenda kaye kuti babu iyake. Tidzatenthetsanso kandulo ndi mchere. Kandulo imasungunuka msanga, pamene mchere umafuna madigiri 801 a Celsius.

Pa ma halogen tidzathira madzi a chlorine mu potassium bromide, asanduke achikasu chofiirira, kenako mu potassium iodide, aderepo. Tikaonjezera sitachi pa iodine amene wapangikayo, mtundu umakhala wabuluu wakuda. Silver nitrate ndi wodula, choncho amene muli naye pang'ono bwerani naye: tikamuthira, chloride amapereka zoyera, bromide zotuwira ku kirimu, iodide zachikasu.

Chonde, musayese kupanga chlorine posakaniza Jik ndi asidi m'kalasi yotseka. Mpweya umenewu umawononga mapapo. Tidzaonetsana mopangira pang'ono, pabwalo.

Bwerani ndi magalasi oteteza maso. Amene mubwere, lembani dzina lanu m'gulumu pofika Lachinayi.