Ndinatsuka makobili ndi phulusa, pano sindikugona

Anti,

Ndikulemba pano 2 koloko usiku ndili pa shifiti, ndimalondera ku Johannesburg kuno. Dzina musalitchule chonde.

Chaka chatha ndinagula makobili a R5 a Mandela 40, aja anatuluka mu 2008 pamene ankakwanitsa zaka 90, kwa munthu wina wa pa Facebook, imodzi R150. Ndalama yake inali ya malata a nyumba yathu ku Ntcheu, madam amadziwa kuti ikadali ku banki. Sindikufuna kunama, ndinaiona ngati bizinesi, aliyense ku ntchito ankangokamba zoti makobili amenewa anthu akugulira magalimoto, ndipo amene ankalimbikira kwambiri ndi alamu anga omwe pano akuti iwo sananenepo kalikonse, chonsecho ndi iwowo ananditumizira linki. Ndi omwewonso anabwereka ketulo yanga mu June mpaka lero, koma zimenezo zisiyeni.

Atafika ena anali akuda, ndiye ndinawatsuka ndi mandimu ndi phulusa mmene amayi ankakwechera mapoto, kenako kupukuta ndi nsanza mpaka phuliphuli. Ndinawatengera ku shopu ina ya makobili mtauni. Mdala wa pamenepo anayatsa kanyale, kutenga kagalasi kake kokuza ka 10x, kugwira kobili m'mbali ndi zala ziwiri nkumaipendeketsa pang'onopang'ono. Anandipatsa kagalasiko kuti ndione ndekha. Pa tsaya la Mandela panali timizere tambirimbiri ngati pomwe yapalasa nkhuku. Anati yotsukidwa imeneyi, komanso inayendapo kale m'manja mwa anthu, mtengo wake ndi R5 yomweyo. Onse 40.

Kuchoka tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga pa foni usiku uliwonse. Ndadziwa kuti pali sikelo yogiredera makobili (kuyeza mmene kobili yasungikira) yotchedwa Sheldon, yochokera 1 kufika 70, kuti kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi MS, kobili yoti sinagwirepo ntchito, ndipo kuti umayamba kuyang'ana malo otukuka ngati tsitsi ndi tsaya poti ndi omwe amayamba kuperepeseka. Kuwala kwa ku fakitale kumazungulira ukamaipendeketsa pa nyale, pomwe kwanga kuja kumangoti mbee malo amodzi. A NGC ndi PCGS, makampani ogireda makobili a ku America, akaona kuti inatsukidwa saipatsa nambala nkomwe. Komanso a 2008 wa anapangidwa mamiliyoni, ndi chenje chabe. Zonsezi bwenzi nditaziwerenga ndisanagule, koma ndani amauza mnzake?

Chikundipweteka si R6,000 yokha. Tsiku lomwe lija ndinakwechanso florin ya 1964, kobili yakale ya ku Malawi ya malemu bambo, ija ili ndi Kamuzu kutsogolo, kumbuyo njovu ndi kamwana kake. Ankaisunga mu kachitini ka fodya, inali yodera bwinobwino, pano ikuoneka ngati chitsekerero cha botolo. Mdala uja anangoiyang'ana nkupukusa mutu. Mchemwali wanga amaifunsa nthawi zonse tikamaimbirana, ine ndimangoti ilipo.

Ndiye Anti ndithandizeni. Madam ndiwauze pano kapena ndidikire ndibweze kaye ndalamayo ndi maovataimu, poti mvula ikubwera ndipo ayamba kufunsa za malata? Nanga zogireda makobilizi munthu wa Fomu 2 ngati ine angaziphunziredi payekha ndi kagalasi ka R80, kapena ndikungodzinamiza kuti ndisamve kupusa? Diso layamba kuona ndithu, dzulo ndinasiyanitsa yoyendapo ndi yatsopano pa chenje cha buledi. Alamu akuti ma R5 aja ndingowaika pa Facebook ndigulitse kwa a Malawi anzathu ongofika kumene, eti ndi mmene zimayendera. Ndinakana, koma zithunzi ndajambula kale, zili mu foni muno. Mchemwali wangayo ndimuuze chani?

Ine wosowa mtendere,
Joni