Kalata kwa Mkulu wa Nthambi ya za Nsomba: Nile tilapia isalowe m'maiwe athu

Olemekezeka bwana,

Ife alangizi ndi ofufuza za ulimi wa nsomba tamva pempho la alimi ena loti Nile tilapia, nsomba yachilendo yofanana ndi chambo, iloledwe kuwetedwa m'dziko muno. Dandaulo lawo ndi lomveka, chifukwa nsombayi imakula msanga kuposa makumba. Komabe tikukupemphani kuti musagonje, ndiponso kuti chiletso chomwe chilipo chiyambe kulondoleredwa mwamphamvu.

Palibe dziwe limene nsomba sizithawamo. Ana a nsomba amadutsa pa paipi yotulutsira madzi sefa ikang'ambika, ndipo khoma la dziwe limagumuka mvula ikachuluka. Namondwe wa Freddy mu 2023 anasefukiritsa madzi m'maboma ambiri a kummwera, ndipo madzi otere sasiyanitsa dziwe ndi mtsinje. Makhola oyandama pa nyanja ndiye oopsa kwambiri, chifukwa ukonde ukangobooka nsomba zafika kale kwa chambo.

Ena akunena kuti adzaweta zazimuna zokhazokha. Njira yake ndi kudyetsa tiana mankhwala a methyltestosterone, omwe amatisandutsa tatimuna, kwa masabata atatu kapena anayi oyambirira, koma zazikazi zochepa zimatsalabe, makamaka mankhwala akasakanizidwa molakwika kapena tiana tikayamba kudyetsedwa mochedwa. Ngakhale zazimunazo zikathawa zingathe kuswana ndi zazikazi zathu, poti Nile tilapia, makumba ndi chambo zonse ndi za m'banja la Oreochromis ndipo zimalera mazira m'kamwa. Mbewu ikasakanikirana chonchi, palibe ukonde kapena mankhwala olekanitsira.

Izi zinachitika kale kwa anzathu. Pa nyanja ya Victoria, Nile tilapia inaikidwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo inalanda malo a ngege, nsomba yakomweko. Nile perch, nsomba yaikulu yodya zinzake yomwe inaikidwa nthawi yomweyo, inathandizira kutha kwa mitundu pafupifupi 200 ya nsomba. Pa nyanja ya Kariba, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, Nile tilapia yothawa m'malo owetera inachepetsa kwambiri mtundu wakomweko wa Oreochromis mortimeri. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo UNESCO inaika paki yake pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Chambo chathu chafooka kale ndi usodzi wopyola muyeso. Mdani wina sichingamupirire.

Lamulo la za nsomba la 1997 likukupatsani mphamvu zokwanira, chosowa ndi anthu odziwa pa zipata za m'malire a dziko. Ogwira ntchito ku Songwe, Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Muloza aphunzitsidwe kuizindikira nsombayi: mchira wake uli ndi mizere yakuda yopingasa yoonekera bwino, ndipo chipsepse cha kumimba chakumbuyo chili ndi minga itatu, pamene makumba kawirikawiri amakhala ndi inayi. Ana osakanikirana sazindikirika ndi maso, choncho aliyense woswetsa mbewu yogulitsa alembetsedwe, ndipo makolo a nsomba zake aziyezedwa DNA chaka ndi chaka. Dziwe likapezeka ndi nsomba yachilendo, madzi aphwetsedwe kudzera pa sefa ya tizibowo ting'onoting'ono, nsomba zonse zichotsedwe, pansi pathiridwe laimu ndi kuumitsidwa mpaka dothi litang'aluka. Mlimi woulula yekha apatsidwe mbewu ina m'malo molipitsidwa chindapusa, apo ayi adzakataya nsombazo mumtsinje usiku.

Nyanjayi tikugawana ndi Tanzania ndi Mozambique, ndipo Nile tilapia inapezeka kale m'maiwe a mbali ya Tanzania omwe madzi ake amatsikira kuno. Nkhaniyi ikufunika kukambirana ndi anzanu a kumeneko msanga.

Alimi nawonso asasiyidwe manja lende. Ntchito yosankha makumba okula msanga ku malo ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi ipatsidwe ndalama zokwanira, ndipo mbewu yake izifika kwa mlimi nyengo yoika nsomba m'maiwe isanadutse.

Ndife anu,
Alangizi ndi ofufuza za ulimi wa nsomba