Zithunzi za 3D zizionetsa nyumba yomwe imangidwedi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga ojambula mapulani a nyumba, makamaka ife amene tikumapanga zithunzi za 3D n'kumatumizira makasitomala pa WhatsApp. Zithunzizo zikumakongola ndithu koma zambiri zikumaonetsa nyumba ina osati imene amisiri adzamange, ndipo vuto silikhala pulani ayi, limakhala mmene taikira ma material ndi ma texture (maonekedwe a zipangizo amene timapaka pa makoma, pansi ndi denga mu kompyuta) tisanapange render, kutanthauza kutulutsa chithunzi chomaliza.

Nditenge pulogalamu yojambulira ya SketchUp poti ndi imene ambirife timagwiritsa ntchito, limodzi ndi V-Ray kapena Enscape zopangira render. Texture ndi chithunzi chabe, kompyuta sidziwa kuti tailosi ndi lalikulu bwanji, woiuza ndiwe. Ngati chithunzicho chili ndi matailosi anayi uku anayi uku ndipo amene mukagule ndi a 600mm, lemba 2400mm mbali zonse ziwiri basi. Ukangozisiya mmene zabwerera tailosi limodzi limatuluka ngati chitseko, apo ayi timatuluka tating'onoting'ono ndiye chipinda chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili, munthu n'kumasangalala kuti bedi ndi wadirobu zikwana bwinobwino pomwe sizikwana. Zimenezi zimandipweteka chifukwa munthuyo wasunga ndalama zaka zambiri ndipo pulani satha kuwerenga, chimene amakhulupirira ndi chithunzicho.

China ndi ma face. Mu SketchUp khoma lililonse lili ndi kumaso koyera ndi kumbuyo kotuwa mwabuluu, ukapaka kumbuyo poganiza kuti ndi kumaso render imatha kutuluka zachilendo, ndiye usanapake chilichonse yang'ana kaye mu Monochrome, momwe mumaoneka mitundu iwiriyi yokha, pamene patembenuka upange Reverse Faces. Komanso kupaka gulupu yonse (ma face amene wawamanga pamodzi) nthawi imodzi kumafulumira inde koma Texture Position, yosunthira ndi kutembenuzira texture, siimabwera, ndiye sungatembenuze chithunzicho, n'chifukwa chake timaona malata a IBR mizere yake itapingasa m'malo motsika ndi denga. Mmisiri aliyense akaona amadziwa kuti madzi sangayende pamenepo.

Nanga kunyezimiraku? Penti ya PVA sinyezimira, pansi pa simenti sipaoneka nkhope, koma timatsitsa roughness (kukhakhala kwa material) mpaka khoma kumawala kuti kasitomala akopeke. Njerwa imafuna bump kapena normal map, chithunzi chouza kompyuta polowa ndi potuluka, kuti mizere ya matope ioneke yolowa mkati, osati kuwala. Ndipo ma material tiziwapatsa mayina omveka, Enscape imawerenga dzina, ikapezamo mawu oti grass imameretsa kapinga, ikapeza water imaika madzi, ndiye dzina lolakwika limakusokonezera chithunzi chonse. Potumiza fayilo kwa mnzako pa fulashi tumizanso ma map onse, V-Ray ili ndi Pack Project ya ntchito imeneyi.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi. Ma texture aulere alipo abwino pa Poly Haven ndi ambientCG, koma njerwa zake si zathu. Zathu zootcha zimasiyana mtundu, ina yofiira ina yakuda m'mbali, mabuloko a simenti nawo ali ndi maonekedwe awo. Foni ndi yokwanira, jambula khoma lenileni tsiku la mitambo kuti pasakhale mithunzi, utaima moyang'anizana nalo osati chammbali, udule bwino kuti likamabwerezeka pasaoneke msoko, uyeze ndi tepi ulembe saizi yake.

Ndikupempha aphunzitsi a ku yunivesite ya MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja kuti ophunzira azipanga ma texture a zipangizo zakwathu n'kumagawana. Ndipo ife tikamapereka chithunzi, pansi pake tizilemba kuti tailosi ndi la saizi yanji, malata ndi amtundu wanji, penti ndi iti, kuti womangitsa akapite nazo ku hadiweya akafunse mitengo asanavomereze.

Wojambula mapulani,
Lilongwe